Lipoti la nkhani: mayi wa ana atatu, shuga, BP ndi bondo lopweteka, miyezi 6 yoyamba yochepetsa thupi

Ife amene timagwira ntchito yolangiza odwala za kadyedwe timakumana ndi anthu ngati mayi awa sabata iliyonse, ndipo chimene chimachitika kawirikawiri nchakuti timawapatsa pepala la dayeti, nkuwauza kuti tionana mwezi wamawa, iwo osabweranso, ife nkulemba mu fayilo kuti sanatsatire malangizo, basi nkhani yathera pomwepo. Nkhani ya mayiwa inatsala pang'ono kutha choncho, ndipo amene akanaithetsa ndine ndemwe. Anandilola kuti ndilembe, dzina sinditchula ndipo zina zowazindikiritsa ndazisintha.

Mmene anabwerera

Ali ndi zaka 41, ana atatu, woyamba mtsikana wa zaka 14, wachiwiri mnyamata wa zaka 9, chitsiriza ali ndi zaka 4. Amagwira ntchito yowerengera ndalama mu ofesi, kulowa 7:30 kuweruka 5 koloko, koma ikafika kumapeto kwa mwezi amatuluka kutada. Amuna awo amayendetsa galimoto za katundu maulendo ataliatali nde pakhomo amapezeka mwina masiku awiri pa sabata, zonse za ana, kuphika, kuchapa, homuweki, kuthamangira kusukulu mwana akadwala, zili pa mutu pa mayiwa. Anatumizidwa kwa ine ndi adokotala awo, kalata yake inali ya mzere umodzi, yakuti athandizidwe kuchepetsa thupi.

Shuga wa mtundu wachiwiri anawapeza naye zaka 4 zapitazo, atayamba kuonekera ali oyembekezera mwana womalizayu. BP ili ndi zaka 6. Bondo lakumanzere limapweteka akamakwera masitepe komanso akaima nthawi yaitali, X-ray inaonetsa kuti nyamakazi yayamba kudya polumikizira mafupa. Mankhwala amene ankamwa: a shuga metformin 1000 mg kawiri pa tsiku ndi glibenclamide 5 mg mmawa, a BP amlodipine 10 mg ndi enalapril 10 mg, ndiye pamwamba pa awa ibuprofen wogula okha wa bondo, pafupifupi tsiku lililonse, amene adokotala awo sankadziwa nkomwe.

Pa sikelo anakwana makilo 98.4, kutalika mita 1.62, kutanthauza BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, ya 37.5. Bungwe la zaumoyo la padziko lonse la WHO limaika malire a kunenepa kwambiri pa 30, nde apa anali atadutsa ndithu. Mchiuno masentimita 112, pamene kwa amayi tikangodutsa 88 timadziwa kuti mafuta a mmimba ayamba kusokoneza shuga ndi mtima. BP 152/94. HbA1c, kuyeza kuja koonetsa mmene shuga wakhala akuyendera miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, inali 8.4%, pomwe kwa akuluakulu ambiri timafuna ikhale pansi pa 7. Impso zinali zikugwira bwinobe, eGFR, nambala yoonetsa mmene impso zikusefera magazi, inali 74. Chithokomiro anayeza, chinalibe vuto. Mapazi ndinawaona ndekha, dzanzi panalibe, koma zidendene zinali zong'aluka ndipo akakolo otupa, ukadina chala chimasiya dzenje.

Nditawafunsa kuti chimene akufuna kwenikweni nchiyani sanatchule makilo ayi. Anati mayi awo anafa ziwalo mbali imodzi ali ndi zaka 58, ndipo iwo akawerengera amaona kuti pa zaka 58 chitsiriza uja adzakhala asanaime payekha. Kenako anaseka pang'ono nkunena kuti, komanso a dokotala ndatopa nkumavala nsapato nditakhala pansi ndikupuma ngati ndathamanga. Amanditchula a dokotala ngakhale ndinawauza kangapo kuti ine ndine wa zakudya chabe.

Pamene ndinalakwitsa

Tsiku loyamba lija ndinachita zimene timachita tikakhala ndi mzere wa anthu panja. Ndinawafunsa zimene amadya, anandiuza zimene munthu aliyense amauza wachipatala, kuti mmawa tiyi ndi buledi, masana pang'ono chabe, usiku chakudya cha banja lonse. Ndinawalembera kuti achepetse ndi theka zakudya zokhutitsa monga mpunga, buledi ndi mbatata, asiyiretu zakumwa za shuga, aziyenda mphindi 30 tsiku lililonse. Mndandanda wa mankhwala ndinauwerenga, glibenclamide ndinamuona, koma poti HbA1c inali pamwamba mtima wanga unangoti shuga wa mayi awa ndi wokwera, sangatsike mpaka kufika poopsa. Sindinawafunse ngati amanjenjemera kapena kutuluka thukuta masana, ndipo sindinalembere adokotala awo ndisanawachotsere chakudya.

Tsiku la 9 anapempha kuweruka msanga kuti akatenge chitsiriza kusukulu wapansi, kuti akwanitse mphindi 30 zija. Masana anali atangodya masamba osaphika ndi dzira limodzi, botolo la chakumwa limene ankagula cha mma 3 koloko analisiya chifukwa ine ndinaletsa. Atafika pa geti ya sukulu miyendo inalobodoka, thukuta lozizira thupi lonse, manja kunjenjemera moti zipi ya chikwama inawakanika kutsegula, anangokhala pansi pafumbi pomwepo mwana ataima pambali akulira atagwira nsapato ya mayi ake imene inavuka. Mphunzitsi wina anawamwetsa juwisi wa mwana wina. Kamakina koyezera kanali mchikwama momwemo, atayeza juwisi atamwa kale shuga anali pa 3.1, ndipo chilichonse chochepera 3.9 timachitenga kuti shuga watsika.

Usiku womwewo ananditumizira meseji yakuti, a dokotala ndasiya, zimenezi zindipha ana anga akuona.

Anali ndi chifukwa chomveka. Glibenclamide amakakamiza kapamba kutulutsa insulin, timadzi totsitsa shuga mmagazi, kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo amakhalitsa mthupi maola ambiri, nde munthu akachepetsa chakudya nkuwonjezera kuyenda piritsi lili lomwelo, shuga amagwa basi. Metformin payekha sachita zimenezi kawirikawiri. Ndinawaimbira mmawa mwake, ndinawauza mosabisa kuti vuto silinali iwo, pulani ndi imene inali yolakwika ndipo ndinailemba ndine, nkuwapempha kuti abwerenso kamodzi kokha, akaona kuti sizikuthandiza asiye.

Sabata ya zithunzi

Ulendo uno sindinawapatse lamulo lililonse. Ndinawauza kuti abwerere ku kadyedwe kawo kakale ndendende, koma kwa masiku 7 azijambula ndi foni chilichonse cholowa mkamwa, olo chikhale chidutswa cha bisiketi ya mwana, ndipo aziyeza shuga mmawa asanadye, cha mma 3 koloko masana, ndi pokagona. Foni imalemba yokha nthawi ya chithunzi, ndipo nthawizo ndi zimene zinanena zoona kuposa zakudyazo.

Amadzuka 4:45. Ana amadya, iwo ayi, amangomwa tiyi ataimirira akumwera mapiritsi onse kuphatikiza glibenclamide. Ku ofesi tiyi wina 9 koloko, wina 11. Masana masiku 5 mwa 7 sanadye kanthu, ntchito. Cha mma 3 koloko shuga ankapezeka pa 4.0, 3.7, 4.3, tsiku lina 3.5, ndipo apa ndi pamene pamabwera chithunzi cha botolo la chakumwa ndi mabisiketi, masiku ena mabotolo awiri. Iwo ankaona ngati ndi umbombo, ankati nthawi imeneyo chilakolako cha zotsekemera chimawagwira ngati matenda ndipo ankadzida nazo, osadziwa kuti kwa miyezi yambiri akhala akudzichiza shuga wotsika tsiku ndi tsiku. Nditawaonetsa manambala aja pambali pa zithunzi anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti, nde kuti si ine wopanda mtima wodziletsa? Misozi inalengeza. Zaka zonsezi anthu, achipatala omwe, akhala akuwauza kuti angodziletsa.

Akafika kunyumba amaphika akulawa, 7 koloko ana amadya, iwo ali pa homuweki ndi kusambitsa wamng'ono, ndiye potolera mbale makombo onse a ana atatu amathera mkamwa mwawo ataima pa sinki, poti kutaya chakudya sikuwalola mtima. Chakudya chawo chenicheni amadya cha mma 10 koloko usiku nyumba yonse itagona, mbale yodzaza, ali pa foni, ndipo anandiuza kuti imeneyo ndi nthawi yokhayo pa tsiku imene palibe akuwaitana. Pokagona shuga 13, 14, tsiku lina 15.2. Kugona 11:30. Apa mpamene HbA1c inandinamiza, chifukwa imangoonetsa pakatikati, munthu wogwa kufika pa 3.5 masana nkukwera pa 15 usiku amaoneka ngati ongokwera basi.

Tinawerengera limodzi shuga wa muzakumwa yekha. Makapu 4 a tiyi, masupuni aang'ono atatu kapu iliyonse, supuni imodzi ndi magalamu pafupifupi 4, ndiye kuti magalamu 48. Botolo la 330 ml la chakumwa cha kola limakhala ndi magalamu pafupifupi 35. Tsiku la botolo limodzi anali kudutsa magalamu 80, la awiri kudutsa 110, pomwe malangizo a WHO a 2015 amati shuga wothira asapitirire 10% ya mphamvu zonse za chakudya cha pa tsiku, kwa munthu wodya makalori 2000 amenewo ndi magalamu 50. Mafuta ophikira ndinawapempha athire mmene amathirira masiku onse koma mu kapu kaye, anakwana masupuni aakulu 6 mu mphika umodzi, supuni yaikulu iliyonse ndi makalori pafupifupi 120.

Mankhwala kaye

Ndinalembera adokotala awo kalata nkuikamo manambala onse a sabata ija. Zosintha mankhwala si ntchito yanga ndipo mayiwa ndinawauza kuti asadule piritsi lililonse paokha. Adokotala anatsitsa glibenclamide kufika pa 2.5 mg, namuika kuti azimwedwa pokhapokha pali chakudya cha mmawa chenicheni. Ibuprofen anawaletsa, chifukwa mankhwala a gulu limeneli amasunga mchere ndi madzi mthupi, amakweza BP, ndipo akaphatikizana ndi enalapril mwa munthu wa shuga impso zimakhala pa chiopsezo. Mmalo mwake anawapatsa paracetamol ndi mankhwala opaka pa bondo. Za akakolo otupa anawafotokozera kuti amlodipine amachita zimenezi makamaka pa 10 mg, ndipo mayiwa anapepukidwa mtima kwambiri chifukwa ankaganiza kuti ndi mtima kapena impso zayamba kufa koma ankaopa kufunsa. Ndinawakumbutsanso adokotala za kulera, poti amayi ena akachepa thupi amatenga pakati mosayembekezera ndipo enalapril ndi woopsa kwa mwana wa mmimba, anakambirana okha zimenezo.

Tinaphunziranso chochita shuga akatsika: magalamu 15 a shuga wofulumira, monga theka la kapu ya juwisi kapena masupuni aang'ono 4 a shuga mmadzi, kudikira mphindi 15, kuyezanso, akadali pansi kubwereza, kenako kudya chakudya chenicheni. Mtsikana wamkulu uja tinamuphunzitsanso, ndipo mchikwama mwa mayiwa munalowa kapaketi ka shuga kokhazikika.

Zimene tinayamba nazo

Cholinga sichinali kubwerera ku thupi la pa utsikana. Tinagwirizana 5%, makilo 5, mu miyezi 6, chifukwa kuchepa kwa 5 mpaka 10% kumatsitsa kale shuga, BP ndi mafuta a mmagazi. Iwo anaona ngati ndi zochepa, anati makilo 5 pa thupi ili ndani angaone. Ndinawauza za bondo, kuti kafukufuku amene Stephen Messier ndi anzake anatulutsa mu 2005 anapeza kuti kilo imodzi ikachoka pa thupi, bondo limapepukidwa ndi pafupifupi makilo 4 pa sitepe iliyonse, nde makilo 5 ndi ngati kutula katundu wa makilo 20 pa bondo nthawi iliyonse akaponda. Zimenezi zinawalowa.

Chinthu choyamba chinali chodabwitsa kwa iwo, ndinawauza kuti adye zambiri masana. Usiku akamalongedza zakudya za ana za kusukulu azilongedza kabokosi kachinayi, kawo, ka chakudya chotsala cha madzulo, theka masamba, kotala nyemba, nsomba, mazira kapena nyama, kotala chokhutitsa. Alamu ya foni 12:30. Mmawa dzira kapena mkaka ndi chidutswa cha buledi asanamwe mapiritsi, olo ataimirira momwemo. Pasanathe masabata awiri njala ya 3 koloko ija inazimiririka yokha, manambala a nthawi imeneyo anakhala pakati pa 5.5 ndi 7, botolo anasiya kugula popanda ine kuletsanso. Ndimaona kuti pa nkhani yonseyi apa ndi pamene panachoka makilo ambiri, ndipo sipanafunike kulimbana ndi mtima ngakhale pang'ono.

Chachiwiri tiyi, masupuni atatu kupita pa awiri kwa masabata awiri, kenako imodzi. Pa imodzi anaima, anati kupanda shuga konse sangathe, ine sindinakakamize.

Kuyenda ndinakuchotsa pa mphindi 30 zonse nthawi imodzi, zimene kunena zoona mayi ngati awa alibe. WHO mu malangizo a 2020 imati akuluakulu azikwanitsa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuphatikiza zolimbitsa minofu masiku awiri, ndipo simafunikanso kuti zichitike nthawi imodzi, tizidutswa timawerengedwa. Nde tinaika mphindi 10 akangomaliza kudya masana, kuzungulira nyumba ya ofesi, poti kuyenda utangodya kumathandiza minofu kutenga shuga mmagazi asanakwere kwambiri. Za bondo, kukhala ndi kuimirira pa mpando wa kukhitchini maulendo 8 madzi akamawira, kenako 10, kenako 12, chifukwa minofu ya ntchafu ikalimba bondo silivutika kwambiri. Nsapato zotseka, kuona mapazi usiku uliwonse, mafuta opaka pa zidendene koma osati pakati pa zala.

Makombo anativuta kuposa zonse. Kuwauza kuti azitaya kunali kungotaya nthawi. Zimene zinagwira ndi maganizo a iwo eni, anati ntchito yotolera mbale aipereka kwa mnyamata wa zaka 9 uja, zotsala azivindikira nkuika mu firiji mayi asanaone, komanso ayamba kuwagawira ana pang'ono kuti wofuna awonjezere. Mafuta anayamba kuyeza ndi supuni, kuchoka pa 6 kufika pa 3, ana sanazindikire nkomwe. Mchere wa patebulo unachoka ndipo timabulo tokometsera msuzi anachepetsa ndi theka, poti WHO imati mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza wobisala mu zakudya zogula.

Chakudya cha 10 koloko usiku sindinachikhudze mwezi woyamba wonse, mwadala. Munthu wandiuza kuti imeneyo ndi nthawi yake yokhayo yopuma, nde ndikaichotsa ndamulanda chinthu chokhacho chimene ali nacho. Patapita nthawi tinangosiyanitsa zinthu ziwirizi, chakudya azidya 7 koloko atakhala pansi limodzi ndi ana olo homuweki ichedwe, ola la 10 likhalebe lawo ndi foni yawo ndi kapu ya tiyi, njala ikakhalapo chipatso kapena yogati wopanda shuga. Masiku ena zimatheka ena ayi, pano amati mwina masiku 5 pa sabata.

Tulo ndi nkhani imene sitinaimalize. Maola 5 ndi ochepa, akuluakulu amafunika 7 kapena kuposa, ndipo munthu akagona pang'ono timadzi ta mthupi toyambitsa njala, ghrelin, timakwera pomwe toletsa njala, leptin, timatsika, mawa lake amalakalaka zotsekemera. Anakwanitsa kumagona 10:45. Koma amuna awo anatiuza kuti mayiwa amaliza mkonono kwambiri ndipo pena amaleka kupuma nkudzidzimuka, ndipo pamodzi ndi BP yovuta kutsika komanso kusinza masana, ndinapempha adokotala kuti awatumize kukayezetsa vuto lobanika kutulo. Ali pa mndandanda wodikira.

Mafunso amene anabwera nawo

Mnzawo wa ku ofesi anawabweretsera tiyi wochepetsa thupi, anabwera naye kudzandionetsa asanamwe, ndipo ndinathokoza kwambiri. Pa paketi panalembedwa senna, amene ndi mankhwala otsegula mmimba. Chimene chimachoka ndi madzi, mafuta amakhala pomwepo, ndipo kutha madzi mthupi kwa munthu womwa enalapril ndi metformin kungapweteke impso.

Anafunsanso za jakisoni wochepetsa thupi amene aliyense akukamba, semaglutide. Ndinawayankha moona kuti amagwira ntchito, mu kafukufuku wa STEP 1 wa 2021 anthu opanda shuga anachepa pafupifupi 15% mu masabata 68, mwa odwala shuga zimakhala zocheperapo, pafupifupi 10%, ndipo ambiri akasiya makilo amabwerera. Kwa munthu wa BMI ngati yawo ndi shuga, ndi funso loyenera kukafunsa adokotala ndipo si kubera, koma asagule pa intaneti kwa munthu wosadziwika. Anasankha kuona kaye mmene ayendere.

Funso limene linawatenga nthawi kulifunsa linali lakuti, kodi shuga amatha? Ndinawauza za kafukufuku wa DiRECT wa ku Britain amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anthu amene anali ndi shuga osapitirira zaka 6 anaikidwa pa zakudya zamadzimadzi za makalori 800 ndi pang'ono pa tsiku kwa miyezi itatu kapena kuposa, ndipo patatha chaka 46% shuga wawo anali atabwerera mmalo popanda mankhwala, mwa amene anachepa makilo 15 kapena kuposa anali 86%. Ndinawauzanso kuti amenewo anali kuyang'aniridwa ndi achipatala pafupipafupi, mankhwala a shuga ndi BP anaimitsidwa poyamba penipeni, ndipo matendawo amagona chabe, thupi likabwerera nawonso amadzuka. Kwa mayi wophikira ana atatu madzulo alionse iye akumwa za mu kapu, ndinaona kuti si poyambira pabwino, koma khomo limenelo silinatsekeke.

Mwezi wachinayi

Pa miyezi itatu zinthu zinali bwino, makilo 94.1, HbA1c 7.5%, adokotala anachotseratu glibenclamide. Kenako chitsiriza anadwala chibayo nkugonekedwa masiku 6, mayiwa akugona pa mpando, kudya zogula pakhomo la chipatala, ndipo potuluka anagwera mu ntchito ya kumapeto kwa mwezi. Tsiku lathu lokumana sanabwere, meseji sanayankhe. Patatha masiku 10 ndinaimba. Anati akuchita manyazi, akwera pa sikelo awonjezera makilo 1.8, ndiye amafuna achotse kaye kenako abwere.

Ndinawauza kuti abwere ndi makilo omwewo. Kukumana kumeneko sitinayeze nkomwe, tinakhala pansi nkulemba pa kakhadi kakang'ono zimene angathe pa tsiku loipitsitsa, mwana ali mchipatala, bambo ali pa ulendo, abwana akufuna malipoti: kumwa mankhwala, kuika kanthu mmimba masana, kumwa madzi mmalo mwa chakumwa cha shuga. Zitatu basi, kuyenda ndi zina zonse zimadikira. Mpaka pano ndimadzifunsa kuti bwanji khadi limeneli sindinalilembe tsiku loyamba, poti kwa kholo lodwala masabata oipa sabwera mwangozi, amabwera mwezi ndi mwezi, ndipo pulani yolembedwera sabata yabwino yokha imagwa pa ulendo woyamba.

Amuna awo anabwera nawo ulendo wotsatira. Bamboyo akamabwera ku ulendo ankagula zakumwa ndi makeke a banja lonse, ndi mmene amaonetsera kuti amawakumbukira, ndipo mayiwa ankalephera kukana. Sindinawadzudzule, ndinangowaonetsa manambala a shuga a masiku amene iwo ali pakhomo pambali pa masiku amene kulibe, anayang'ana nthawi yaitali nkunena kuti, amayi bwanji osandiuza. Pano amabweretsa zipatso ndi mtedza, keke kamodzi pa mwezi. Poti anali kale mchipinda ndinawayeza BP nawonso, 148/92, sanayezetsepo chiyambire, ndinawatumiza kwa adokotala.

China chimene chinandidetsa nkhawa chinatulukira mwangozi. Mayiwa ananena mosangalala kuti mtsikana wawo wa zaka 14 uja nayenso wayamba dayeti, akusiya chakudya cha mmawa ndipo amakwera pa sikelo ya mayi ake tsiku lililonse. Mwanayo thupi lake lilibe vuto lililonse. Ndinawapempha kuti sikelo ichoke ku bafa ikakhale mchipinda chawo, aziyeza kamodzi pa sabata mwana asakuona, mawu akuti dayeti ndi kunenepa asamamveke patebulo, akafunsa azimuuza kuti amayi akusamala shuga ndi bondo. Ulendo wotsatira anati wayambiranso kudya mmawa, koma ndimafunsabe za iye nthawi iliyonse.

Pa miyezi 6

Makilo 91.6, ndiye kuti achoka 6.8, pafupifupi 7% ya thupi lawo, BMI 34.9. Mchiuno masentimita 104. HbA1c 7.1% ali pa metformin yekha, ndipo chichotsereni glibenclamide shuga sanatsikenso pansi pa 4. BP ya kunyumba imazungulira pa 136/84, gawo lina ndi makilo, gawo lina ndikukhulupirira kuti ndi kusiya ibuprofen ndi mchere, adokotala atsitsa amlodipine kufika pa 5 mg kuti aone ngati akakolo aphwere ndipo aziyeza BP kawiri pa sabata kwa mwezi umodzi. eGFR 78. Bondo amati likamapweteka kwambiri limafika pa 4 mwa 10, poyamba ankati 7, paracetamol amamwa mwina kawiri pa sabata. Kuyenda ali pa mphindi 90 mpaka 110 pa sabata, sanafike pa 150, ndipo masabata a kumapeto kwa mwezi zimatsika kufika pa 40.

Masabata atatu omaliza sikelo yaima pamodzimodzi, ndawauza kuti zimachitika, thupi lochepa limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa, ndipo miyezi iwiri ikubwerayi cholinga nkusunga zimene zachoka osati kuthamangira zina. Tawonjezera lamba wa labala wolimbitsira miyendo ndi mikono masiku awiri pa sabata, ndawalembera kalata yokayezetsa maso poti chaka chadutsa asanayezetse, ndi mkodzo woona ngati impso zikutaya puloteni. Za jakisoni akakambirananso ndi adokotala pa mwezi wa 9 malinga ndi mmene HbA1c idzakhalire komanso zotsatira za tulo.

Potuluka tsiku limenelo chingwe cha nsapato chinamasuka pakhomo la chipinda changa, anawerama ataimirira nkumanga, akupitiriza kundiuza za mayeso a mnyamata wawo. Tikumananso pakatha masabata 6, tsiku lake anasankha okha, la pakati pa mwezi.